Kamdothi pa katiriji yachikasu: gemu yomwe sinapangidwepo

Tadala: Anthu inu, ndamaliza chikuto chija ndinkanena sabata yatha. Gemu yake kulibe, musayambe kundivutitsa kuti muitenga kuti. Ndangoyerekeza kuti mu 1991 ku Ginnery Corner kunali kakampani kopanga magemu a katiriji, timabokosi tija tolowetsa m'makina osewerera pa TV, ndiye iyi ndi gemu yawo yoyamba: KAMDOTHI. Nthano ija tonse tikuidziwa, mayi wopanda mwana anaumba mwana ndi dothi n'kumulangiza kuti akangoona mitambo azithamangira kunyumba. Gemu yake ndi yomweyo, uthawe mvula. Pachikutopo mwanayo akuthamanga, kumbuyo kwake phiri la Ndirande mtambo utalikuta, mkono wamanzere wayamba kale kusungunuka. Chithunzi chachiwiricho ndi mmene ikanamaonekera pa TV. Ndiuzeni zoona, osandinyengerera.

Yami: Eee asisi, chikutochi ndiye chabeba. Koma pakonapo mwalemba 9999999 in 1 kkkkk

Tadala: Nanga katiriji yachikasu ingakhale yopanda bodza limenelo?

Ankolo a ku Bangwe: Mwandikumbutsa kutali ana inu. Ine ndinaseweretsako ana magemu kuseri kwa okala yanga kuyambira 2001, TV imodzi, benchi imodzi, mapadi awiri, ina batani la B litamangidwa ndi selotepi. Katiriji yolembedwa manambala ambirimbiriwo ukaiyatsa umapeza magemu enieni asanu ndi awiri basi. Super Mario, Duck Hunt, Battle City, Circus Charlie, Contra, Road Fighter, ndi ina ya tenisi yomwe palibe mwana ankaifuna. Ukatsika mpaka nambala 412 ndi Mario yemweyo, kungoti akuyambira pansi pa madzi. Koma cholakwika pa chikuto chako mwana wanga n'chakuti chikunena zoona. Zikuto za nthawi imeneyo zinali zabodza zedi. Kunja ajambula chimunthu cha minofu chitanyamula mfuti yaikulu kuposa chitseko, mkati ukupeza kamunthu ngati nyemba kakudumpha mphika wamoto.

Upile: Ndiye Tadala ajambulenso, Kamdothi akhale ndi chifuwa cha wonyamula zitsulo, mvula ikhale zipolopolo.

Tadala: Ayi ndakana kkkk. Koma mwina ndipanga zikuto ziwiri, chenicheni ndi cha pamsika wa Limbe.

Mada wa Chilomoni: Chikuto ndilibe nacho mawu, n'chabwino. Vuto langa lili pa chithunzi chachiwiricho. Ndachikulitsa n'kuwerenga mitundu pathupi la Kamdothi, ndapeza isanu ndi iwiri. Makina amene tinkasewera aja, kaya analembedwa Terminator kaya Polystation, mkati mwake anali Famicom ya Nintendo, yotuluka ku Japan mu 1983, ena anangoikopera. Makina amenewo chinthu chilichonse choyenda, chomwe amati sprite, amachilola mitundu itatu yokha, wachinayi ndi malo oonekera kuseri. Kukula kwake ndi timadontho 8 m'lifupi, 8 kapena 16 m'litali, munthu wamkulu amachita kumulumikiza kuchokera ku tizidutswa tingapo. Sikirini yonse ndi 256 kwa 240. Ndiye kunenatu mosapsatira, chomwe mwajambulachi chikanavuta kwambiri kutuluka mu katiriji yachikasu. Mwina pa Mega Drive ya Sega.

Tadala: Achimwene, kampaniyo ndi yongopeka, gemuyo ndi yongopeka, ndiye malamulo okhawo akhale enieni? Ndani andimange?

Mada wa Chilomoni: Palibe akumangeni. Koma taonani mmene tonse tasekera ndi 9999999 uja. Taseka chifukwa ndi zoona, tinaziona ndi maso. Bodza limakoma likatsamira pa zinthu zenizeni. Munthu amene anakulira pa benchi ya Ankolo akaona mitundu isanu ndi iwiri pa kamunthu kamodzi, sawerenga ngati ine, koma mumtima amadziwa kuti izi si zija. Komanso kuperewerako n'kumene kunkabala nzeru. Mario ali ndi ndevu za pamlomo chifukwa Shigeru Miyamoto, amene anamupanga, analibe malo ojambulira kamwa pa kankhope kakang'ono kaja, chipewa anamuveka pothawa kujambula tsitsi. Mu Super Mario Bros. ya 1985, mitambo ndi zitsamba ndi chithunzi chimodzi, china choyera china chobiriwira. Gemu yonseyo ndi 40 KB. Chithunzi chimene mwatumiza pano chikuiposa kulemera.

Yami: Imani kaye. Mitambo ndi zitsamba ndi chimodzi?? Zaka zonsezi?

Upile: Kayang'ane Yami, usiku uno sugona.

Tadala: Chabwino ndagonja pang'ono. Mitundu itatu. Ndiye nditenga kufiira kwa katondo kukhala thupi, kuda kwa makande kukhala mzere wa m'mbali ndi mthunzi, kuyera kukhala maso ndi mano. Eh, koma mukudziwa, zikuoneka ngati zikhala bwino kuposa poyamba. Poyamba ndinamuveka kabudula wa buluu, pamene mwana woumbidwa safunika kabudula.

Mada wa Chilomoni: Mwaona? Tsopano mvula. Mwajambula madontho oposa makumi anayi. Famicom imanyamula ma sprite 64 pa sikirini, koma pamzere umodzi wopingasa imaonetsa 8 okha. Wachisanu ndi chinayi amasowa. N'chifukwa chake mu Contra adani akachuluka zinthu zinkaphethiraphethira, opanga gemu ankasinthanitsa amene aoneke ndi amene abisike kuti pasakhale wosowa kotheratu. Mvula yanu ikakhala ma sprite, Kamdothi azisowa mvula isanamukhudze n'komwe.

Tadala: Ndiye gemu ya mvula yopanda mvula?

Mada wa Chilomoni: Iikeni kumbuyo, pa chithunzi chosayenda. Mujambule timizere topendekeka m'magulu atatu, gulu lililonse mtundu wake, kenako makina azingosinthasintha mitunduyo mothamanga, ili liwale, ili lizime, ili liwale. Diso limaona madzi akutsika pamene palibe chasuntha. Mathithi ambiri a m'magemu akale ankayenda choncho. Ma sprite muwasungire madontho akuluakulu ochepa, awiri atatu, amene ali oopsa zenizeni, ngati aja ogwa kuchokera pamsonga ya lata.

Thoko: Ndakhala ndikungowerenga. Funso langa, moyo wake uzioneka pati? Timitima pamwamba ngati magemu ena?

Tadala: Apa ndiye pamene ndakhala ndikuganizira kwambiri achemwali. Sindikufuna timitima kapena kamzere. Thupi lakelo ndiye moyo wake. Akauma ndi wofiira mowala. Akayamba kunyowa amadera, zomwe malinga ndi Mada ndi kungosintha mtundu, sizidya malo. Akanyowa kwambiri mkono umagwa, ndiye sangakwerenso mpanda kapena kugwira nthambi. Kenako mwendo umafupika, ayamba kutsimphina, liwiro latsika, pamene mvula ikukulirakulira. Kuti abwerere mwakale ayenera kupeza dothi, pa chulu, pa nkhuti ya njerwa zosawotcha, kapena pamene mayi wina akuzira khonde ndi mtsiro. Koma akadzimata dothi lambiri amalemera, sadumpha patali. Pothawira pali khonde la golosale, pansi pa mlatho wa Mudi, tsamba la nthochi lomwe limang'ambika pakapita kanthawi, ndi beseni lomwe angadzivindikire nalo koma osaona kutsogolo.

Upile: Beseni lija ndalikonda. Sikirini ide theka.

Thoko: Muikemo siteji ya chiperoni. Kulibe bingu, kulibe chimvula, kamvula kosaoneka kaja ka mu June ndi July, iwe n'kumati zili bwino, osadziwa kuti ukutha pang'onopang'ono. Ndipo nkhungu ibise njira.

Tadala: Ndalemba! Imeneyo ikhala ya kunjira ya Soche.

Ankolo a ku Bangwe: Popeza mwati mukufuna zoona, nanenso ndiloze changa. Kumbuyo uko pafupi ndi basi mwajambula mtsikana atavala thalauzi. Mu 1991? Akanagona kupolisi ameneyo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo, amuna tsitsi lalitali, ndipo linachotsedwa mu 1993. Mumuveke chitenje kapena diresi lofika kumusi. Chachiwiri, taminibasi tambirimbiri mwadzaza pamsewuto n'ta pambuyo pake. Nthawi imeneyo mumzinda tinkadalira mabasi akuluakulu a Stagecoach, omwe kale ankatchedwa UTM. Chachitatu, ndalama zomwe mwanayo akutola zisakhale zagolide ngati za Mario. Mujambule 10 tambala ya chimanga, 20 tambala ya njovu.

Tadala: Ankolo, zikomo kwambiri, izi sindikanazidziwa. Ine ndinabadwa 1999.

Ankolo a ku Bangwe: Ndiye unabadwa limodzi ndi TVM. Chimenechonso uchiganizire. Mu 1991 dziko lino kunalibe wailesi ya kanema. TV inkapezeka m'nyumba zowerengeka, ya vidiyo basi. Kampani yakoyo ikanagulitsa makatiriji khumi, asanu ku Namiwawa, asanu ku Sunnyside, n'kutseka.

Upile: Ndiye mbiri yake yapezekatu. Kampani inatulutsa magemu atatu n'kugwa, makatiriji otsala anapezeka mu katoni kuseri kwa shopu ina ku Limbe, mbewa zitadya zikuto. Aliyense pagulu pano ajambule imodzi mwa magemu otayikawo.

Mada wa Chilomoni: Zoterezi ena anazichitapo ndipo zinayenda. UFO 50, yotuluka mu 2024, ndi magemu makumi asanu amene amanamizira kuti anapangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi kampani yomwe sinakhaleko, pa makina omwe sanakhaleko. Ukamasewera motsatana umaona ngati kampaniyo ikukula, ikuphunzira. Kusiyana kwake n'kwakuti awo ndi oseweredwa, athuwa akadali papepala.

Yami: Yanga ndayamba kale. KONDAKITA. Uchoke Limbe ufike Mibawa usanalandidwe makiyi. Ukuitanira, ukupanikiza anthu, ukubweza chenji galimoto ikuyenda, wina wakwera ndi dengu la usipa, wina akuti anakupatsa kale ndalama. Batani A kumenya chitseko kuti dalaivala aime, batani B kukana kuti chenji palibe. Bwana wa siteji yomaliza ndi mayi amene wapereka ndalama yaikulu m'mawa sikisi koloko.

Ankolo a ku Bangwe: Imeneyo uilembe 1997, osati 1991.

Yami: Ndamva Ankolo, ikhala yomwe anatulutsa atatsala pang'ono kugwa.

Chiko Manoma: Ine ndikujambula ya mpira. Limbe Leaf Wanderers ndi Bata Bullets, mayina a nthawi imeneyo. Pachikuto goloboyi wa Maule akutola mpira muukonde.

Yami: Gemu yongopeka ndithu.

Mada wa Chilomoni: Musanamenyane, dziwani kuti pa Famicom osewera 22 sangakwane bwinobwino, n'chifukwa chake magemu ambiri a mpira ankachepetsa anthu m'bwalo. Komanso malo ndi ochepa, simungajambule matimu awiri. Mujambula wosewera mmodzi, wina mumupaka kufiira, wina buluu. Luigi ndi Mario wopakidwa mtundu wina. Scorpion ndi Sub-Zero mu Mortal Kombat yoyamba anali munthu mmodzi, chovala chokha kusintha. Ndiye Maule ndi Manoma mukhala munthu mmodzimodzi.

Chiko Manoma: Mada tuluka pagulu.

Yami: Koyamba kugwirizana ndi Chiko chibadwire. Atuluke.

Upile: Kkkkk palibe akutuluka. Tibwerere kwa Kamdothi. Mapeto ake ndi otani Tadala? Poti munthano mwanayo sapulumuka.

Yami: Pamapeto akumane ndi Napolo! Chinjoka chachikulu chikutsika m'phiri, mutu wokha kudzaza theka la sikirini, miyala ikugubuduka, iwe ukudumpha. Gemu iliyonse imafuna chilombo chomaliza.

Thoko: Yami, pepa, koma ine ayi. Ndimakhala ku Chilobwe. March 2023 sindinamve pa wailesi, ndinaona. Matope ndi miyala zotsika m'phiri la Soche usiku zija, anthu tinkakumba ndi makasu ndi manja. Mpaka lero kukagunda bingu mwana wa mchemwali wanga amalowa pansi pa tebulo. Sindikuti nkhani ya Napolo isajambulidwe, ndi yathu, agogo athu ankaikamba. Koma kuti ikhale chinthu chodumpha n'kupeza mapointi, mtima wanga ukukana.

Yami: Achemwali pepani, sindinaganize. Ndachotsa mawu anga.

Thoko: Palibe mlandu, ndikudziwa sunalinge zoipa.

Ankolo a ku Bangwe: Ndiponso chaka mwasankhacho, 1991, ndi chaka chomwe madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola ku Phalombe, mwezi wa March womwewo. Anthu ankati Napolo wadutsa. Kampani ya pa Blantyre yotulutsa gemu yoseweretsa dzina limenelo chaka chimenecho, anthu akanaitemberera.

Tadala: Thoko zikomo polankhula. Kunena zoona chilombo chomaliza chinkandivuta kale, sindimadziwa chifukwa chake. Pano ndazindikira. Munthanomo mvula si mfiti, si mdani. Ndi mvula yomweyo imene mudzi wonse ukuidikira. Ndiye ndikufuna kumbuyo kuzioneka anthu akusangalala, bambo akuthamangira kumunda ndi khasu, ana akuvina pabwalo, mayi akutchera ndowa pansi pa lata, ngumbi zikutuluka. Aliyense akukondwa kupatula iwe wekha. Palibe woti umumenye, palibe batani lomenyera n'komwe. A kudumpha, B kudzivindikira. Siteji iliyonse imathera pakhomo pa mayi ake, iwo ataima ndi nsalu, ndipo siteji yotsatira umayambira kutali kuposa dzulo, poti mwana akamakula amasewera kutali.

Upile: Eish. Ndiye pomaliza penipeni?

Tadala: Siteji yomaliza mtunda wake ndi woti sungafike, ngakhale utasewera bwanji. Umasungunuka khomo ukuliona. Sikirini ida, kenako manja awiri atola dothi lija n'kuyamba kuumba, PRESS START.

Chiko Manoma: Iyayi asisi, mwana walipira ndalama yake ya mandasi kuti afe basi?

Ankolo a ku Bangwe: Nanga ana anga aja ankapambana? Road Fighter mafuta ankathera panjira tsiku ndi tsiku, mawa lake abweranso ndi ndalama. Circus Charlie sindikumbuka mwana amene anasiya chifukwa mkango wapsa. Contra yokha ndi imene ankamaliza, nayonso mothandizidwa ndi mankhwala aja odina mabatani, mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere kumanja kumanzere kumanja, B, A, miyoyo 30. Mnyamata wina wa ku Namiyango ankagulitsa chinsinsi chimenechi kwa anzake, mtengo wake chimanga chootcha.

Chiko Manoma: Ine ndikanakonda pakhale njira imodzi yobisika. Ukatola zinthu zina zake, mayi amuwotcha mu uvuni ngati mphika, asanduka wolimba, mvula osamuthanso.

Thoko: Kumuwotcha mwana??

Chiko Manoma: Ndi dothi achemwali!

Mada wa Chilomoni: Koma ganizo la Chiko lili ndi mano. Mphika wowotcha suopa madzi, koma ukagwa umasweka ndipo suumbikanso. Ndiye ukatsegula njira imeneyo gemu isinthe, mvula ilibenso ntchito, koma kudumpha kulikonse kolakwika ndi kufa kosabwerera. Sipafunika zithunzi zatsopano, mtundu wa thupi ungodera ngati mbiya.

Tadala: Imeneyo ndiitenga, koma ikhale mphekesera. Buku la malangizo lisanene. Ana azingouzana pa benchi kuti msuweni wa uje ku Zingwangwa anaionapo.

Upile: Nyimbo zake nanga? Ine kujambula sinditha koma FamiTracker, pulogalamu yopangira nyimbo za Famicom, ndimaigwiragwira.

Mada wa Chilomoni: Muli ndi mawu asanu basi. Awiri akuthwa aja oimba nyimbo, amodzi onenepa a besi, amodzi a phokoso ngati wailesi yosowa siteshoni, ndi amodzi a timawu tojambulidwa tomwe timadya malo kwambiri.

Upile: Ndiye zakwana. Awiri akuthwawo azilandizana ngati anthu awiri pa mangolongondo, wina kufunsa wina kuyankha. Besi iziyenda ngati babatoni wa anyamata a m'misewu aja. Phokosolo ndiye mvula, iyambe pansipansi ngati pa udzu, ukalowa pakhonde isinthe ikhale ya palata. Ndipo mvula ikakula nyimbo izizimirira, kutsale phokoso lokha.

Tadala: Upile ukapanga zimenezo ndikugulira chipisi cha pachiwaya, cha mazira.

Yami: Funso la umbuli. Bwanji osangouza AI kuti ijambule zonsezi? Mphindi imodzi zatha.

Mada wa Chilomoni: Yesa uone. Zomwe ndaonapo ine, timadontho timatuluka tosiyana kukula, tina topendekeka, mitundu mazana. Patali zimaoneka ngati gemu yakale, ukakulitsa ndi phala. Ndipo siingadziwe kuti 20 tambala inali ya njovu pokhapokha Ankolo aiuze.

Tadala: Komanso kukoma kwake n'kukangana ndi kadontho kamodzi theka la ola, kuti diso likhale apa kapena apa. Ine ndimajambulira pafoni, pa Pixel Studio, ndi chala. Dzulo magetsi anathima ndili pa 9 peresenti, ndinamaliza phirilo ndikuthamangitsana ndi batire ngati Kamdothi yemwe.

Thoko: Koma zingatheke kuti idzaseweredwe zenizeni? Ngakhale siteji imodzi?

Mada wa Chilomoni: Zingatheke. Anthu akupangabe magemu atsopano a makina akalewa, Micro Mages ya 2019 anaipanikiza mu 40 KB ngati Mario. Koma pa Famicom pamafunika mutu, si pongoyambira. Chapafupi ndi GB Studio, pulogalamu yaulere yopangira magemu, sufunika kudziwa kulemba mapulogalamu kwambiri, ndipo gemu yake imatha kuseweredwa ngakhale pa browser ya foni. Kungoti ndi ya Game Boy, kamakina ka m'manja ka Nintendo, sikirini 160 kwa 144, ndipo pa Game Boy yoyambirira mitundu ndi inayi yobiriwira. Pamenepo katondo uja atayika.

Tadala: Ayi katondo sindimusiya. Tiyambe ndi zithunzi. Ndijambula masikirini anayi motsata malamulo a Mada, wa Ndirande, wa pa Mudi, wa chiperoni, ndi womaliza uja. Kenako kabuku ka malangizo m'Chichewa, kokhala ndi Chingerezi chothyoka kumbuyo ngati makatiriji enieni.

Ankolo a ku Bangwe: Ndili ndi makatiriji awiri akufa m'sutikesi, achikasu enieni, ina ili ndi dzina la mwana wina lolembedwa ndi msomali. Ukasindikiza chikuto chako tidzamata pamenepo. TV ya chimsana ija iliponso, imayaka ukaimenya pambali. Zithunzi zakozo udzazione pa imeneyo, poti pagalasi lakale timadontho timasungunukirana, sizioneka makonamakona ngati pafoni. Ndi mfuti ya Duck Hunt ilipo, pa TV zamakono zopyapyalazi sigwira.

Yami: Ankolo mudzatilipiritsa?

Ankolo a ku Bangwe: Iwe udzalipira. Ukafa upereke padi kwa mnzako, osati zomati batani linakanirira.

Upile: Loweruka masana ndiye, tikumane pa Chichiri tikwere limodzi ya Bangwe. Chiko ubwere ndi chikuto chako cha mpira tidzachione.

Chiko Manoma: Ndikubwera nacho, zigoli ndawonjezera zafika zitatu.

Tadala: Ankolo, chonde mundiyezere pomata chikuto paja, m'litali ndi m'lifupi, kuti ndisasindikize chachikulu.

Ankolo a ku Bangwe: Kuno athimitsa, ndipo sutikesiyo ili pansi pa bedi. Ndiyeza mawa kukacha, ndibwereka rula ya mdzukulu.